Mutu 7: Kugonjetsa Khansa ya Prostate Kuchokera M'kati mwa Thupi

Mwa khansa zonse zimene zimagwira amuna m'Zambia, ya prostate ndi imene ili patsogolo. Bungwe la International Agency for Research on Cancer linawerengera kuti m'chaka cha 2022 chokha amuna pafupifupi 1.5 miliyoni padziko lonse anapezeka nayo, ndipo pafupifupi 400,000 anamwalira nayo. Matendawa sayang'ana kuti munthu amagona kuti. Amagwira bwana wopuma pantchito wa ku Kabulonga amene ali ndi mlonda pageti, amagwiranso kalipentala wa ku Kabwata ndi dalaivala wa minibasi ya ku Chelstone. Nthawi zambiri chimene chimasiyanitsa wochira ndi wosachira ndi tsiku limene anafika kuchipatala.

Mutu uno ukufotokoza chithandizo chimene madokotala amachitcha brachytherapy. M'malo mounikira cheza cha radiation kuchokera pamakina amene ali kunja kwa thupi, dokotala amalowetsa kachitsulo kotulutsa chezacho m'kati mwenimweni mwa kachiwalo kodwalako. Ndi chithandizo champhamvu, chosachedwa, ndipo sichifuna kung'amba pamimba. Koma chili ndi malire ake amene mwamuna aliyense ayenera kuwadziwa asanadwale.

Kachiwalo kobisika

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha. Kali pansi pa chikhodzodzo, kutsogolo kwa thumbo lotulukira chimbudzi, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwa mnyamata kamalemera magalamu pafupifupi 20. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwamuna akapitirira zaka 50 kachiwaloka kamakonda kukula, n'kuyamba kupana njira ya mkodzo. Apa m'pamene bambo amayamba kudzuka kanayi kapena kasanu usiku, kuima nthawi yaitali mkodzo usanabwere, kenako n'kumangodontha. Kukula kotereku nthawi zambiri si khansa.

Khansa yeniyeni imayamba mwakachetechete. Kawirikawiri imamera chakunja kwa kachiwaloka, kutali ndi njira ya mkodzo, choncho ikhoza kukhala zaka munthu akudya nsima yake bwinobwino, osamva kanthu. Ikafika poti msana ndi chiuno zikuwawa usana ndi usiku, munthu akuwonda, miyendo ikufooka, nthawi zambiri imakhala italowa m'mafupa. N'chifukwa chake madokotala sadikira ululu. Amayeza magazi kuti aone kuchuluka kwa PSA, puloteni imene prostate imapanga, ndipo amapima kachiwaloka ndi chala kudzera kumbuyo. Akakayikira, amadula tinyama tating'ono ndi singano n'kukatiyang'ana pamaikulosikopu. Zotsatira zake amazipatsa manambala a Gleason, kuyambira 6 mpaka 10. Nambala 6 ndi khansa yoyenda pang'onopang'ono, pamene 9 ndi 10 ndi yolusa.

Chifukwa chake chezacho chikhale pafupi

Anthu ambiri amati radiotherapy, kapena kuti kuchiza ndi cheza, ndi kuwotcha khansa, ndipo ena amaopa kuti akapsa ngati nyama. Palibe moto umene umayaka. Chezacho chimawononga DNA ya maselo kuti alephere kugawikana, ndipo maselo a khansa, amene sadziwa kudzikonza bwino ngati maselo athanzi, amafa pang'onopang'ono pakapita milungu ndi miyezi. Vuto la dokotala ndi lakuti prostate ili ndi anansi osachedwa kupweteka: chikhodzodzo pamwamba, thumbo kumbuyo, ndi mitsempha ya mphamvu za abambo m'mbali mwake. Cheza chochokera kunja chiyenera kudutsa pakhungu ndi ziwalo zina chisanafike pamene chikufunika.

Aliyense amene anawothapo mbaula m'mwezi wa June ku Lusaka akudziwa kale lamulo limene brachytherapy imayendera. Wokhala pafupi ndi makala amachita kubweza miyendo, pamene wokhala chapakhomo akunjenjemerabe. Cheza nachonso chimachepa msangamsanga ukamatalikira gwero lake: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ukawirikiza katatu, imatsala limodzi mwa magawo asanu ndi anayi. Choncho gwerolo likaikidwa m'kati mwa prostate, khansa imalandira mlingo waukulu kwambiri, pamene thumbo, limene lili mamilimita ochepa chabe kumbuyo kwake, limalandira wochepa.

Kuchokera ku Paris, kudzera ku Katanga

Nzeru imeneyi ndi yakale. Marie ndi Pierre Curie anatulukira radium ku Paris mu 1898, ndipo pasanathe zaka makumi awiri madokotala awiri a mumzinda womwewo, Octave Pasteau ndi Paul Degrais, anali atayamba kulowetsa radium m'njira ya mkodzo ndi kachubu pofuna kupha khansa ya prostate. Ku New York, Benjamin Barringer anasintha njira: anayamba kubaya masingano kudzera pakhungu la pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi, malo omwewo amene madokotala amalowera mpaka lero.

Dera lathu lino lili m'mbiri imeneyi. M'zaka za m'ma 1920, radium yambiri imene zipatala za ku Ulaya ndi kwina zinkagwiritsa ntchito inkachokera m'miyala ya mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, kufupi ndi Likasi, kungodutsa malire a Copperbelt. Miyalayo inkatumizidwa ku Olen m'dziko la Belgium, kumene anayamba kuiyenga mu 1922. Anthu akuda ankakumba, odwala a kutali ankachira, ndipo panapita zaka zoposa 80 Zambia isanakhale ndi chipatala chakechake chochizira khansa ndi cheza.

Kuyesa koyambako kunali kongoyerekeza, chifukwa dokotala sankaona kumene singano ikupita. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Willet Whitmore wa ku New York anayamba kuika tinjere ta iodine-125 atatsegula pamimba, koma tinjereto tinkaunjikana pena, pena n'kutsala poyera. Zinthu zinasintha mu 1983 pamene Hans Henrik Holm wa ku Denmark anasonyeza kuti sikani ya ultrasound yolowetsa kumbuyo imathandiza dokotala kuona prostate pakanema pamene akubaya. Madokotala a ku Seattle, Haakon Ragde ndi John Blasko, anatenga njirayi chapakati pa zaka za m'ma 1980, naikonza, ndipo kuchokera kumeneko inafalikira padziko lonse.

Njira ziwiri

Njira yoyamba ndi ya tinjere tokhalitsa, imene amaitcha LDR. Kanjere kalikonse ndi kachitsulo ka titanium kotalika mamilimita 4.5, kunenepa kwake kosakwana milimita imodzi, ndipo m'kati mwake muli iodine-125 kapena palladium-103. Dokotala amaika tinjere pakati pa 60 ndi 120 molingana ndi kukula kwa prostate, ndipo sitichotsedwanso. Mphamvu ya iodine-125 imatsika ndi theka pa masiku pafupifupi 60 alionse, ya palladium-103 pa masiku 17. Pakatha chaka chimodzi, kanjere ka iodine kamakhala katatsala ndi mphamvu yosakwana 2 peresenti, ndipo kenako kamangokhala kachitsulo kopanda ntchito, kosapweteka.

Njira yachiwiri ndi ya HDR. Apa gwero ndi limodzi lokha, lamphamvu kwambiri, kawirikawiri la iridium-192, lomangiriridwa kunsonga ya kawaya ndipo limasungidwa m'makina otchinga bwino. Limalowa m'thupi kwa mphindi zochepa, n'kutuluka.

Tiyeni tilowe m'chipinda cha opaleshoni tione mmene HDR imayendera. Wodwala sadya kuyambira usiku, ndipo m'mawa amamutsuka thumbo. Amamubaya jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, kapena kumugoneka tulo. Amagona chagada, miyendo itakwezedwa pazotsamira. Namwino amaika kachubu ka mkodzo. Dokotala amalowetsa kachipangizo ka sikani kumbuyo, ndipo prostate imaonekera pakanema, yotuwa, njira ya mkodzo ili pakati. Pakhungu la pansi pa machende amagundikapo kathabwa kokhala ndi timabowo totalikirana mamilimita 5, tolembedwa zilembo ndi manambala. Kudzera m'timabowomo amabaya masingano obowoka m'kati, nthawi zambiri pakati pa 12 ndi 20, akuyang'anitsitsa pakanema kuti iliyonse yaima pamalo pake.

Kenako ntchito imapita kwa katswiri wa fizikisi ya zachipatala. Pakompyuta, iye ndi dokotala amajambula malire a prostate, a njira ya mkodzo ndi a thumbo, n'kuwerengera kuti gwerolo liime pati m'singano iliyonse komanso kwa masekondi angati. Akagwirizana, amalumikiza singano iliyonse kumakina ndi kachubu kake. Onse amatuluka, chitseko cholemera chimatsekedwa, ndipo amamuyang'anira wodwalayo pa kamera, akumulankhula pa sipika. Makina amakankha kawaya kaja kulowa m'singano yoyamba, kuima, kusuntha pang'ono, kuimanso, kubwerera, kenako yachiwiri. Wodwala samva kutentha kulikonse. Pakatha mphindi khumi kapena kupitirirako pang'ono gwero limabwerera m'nyumba yake, masingano amazulidwa, ndipo m'thupi simutsala cheza ngakhale pang'ono. Ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake, akangotha kukodza okha.

Kuti tione kusiyana kwake, tikumbukire Nelson Mandela. Atapezeka ndi khansa ya prostate mu 2001, ali ndi zaka 83, analandira cheza chochokera kunja kwa milungu isanu ndi iwiri, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2013. Chithandizo chakunjachi n'chabwino ndithu, koma chimafuna kupita kuchipatala Lolemba mpaka Lachisanu, maulendo 20 mpaka 39. Kwa munthu wa ku Woodlands ndi nkhani ya mafuta a galimoto. Kwa mlimi wa ku Petauke kapena ku Lundazi ndi mwezi umodzi kapena iwiri akugona pabalaza kwa mphwake ku Lusaka, munda utasiyidwa. Tinjere ta LDR timaikidwa kamodzi kokha. HDR imachitika kamodzi kapena kawiri, payokha kapena yophatikiza ndi cheza chakunja cha masiku ochepetsedwa.

Amene chimawayenera

Cheza cha brachytherapy chimathera mamilimita ochepa kuchokera pamene gwero laima. Ubwino wake wagona pamenepo, malire akenso ali pomwepo. Chimachiza khansa imene ikadali m'kati mwa prostate kapena yangosuzumira kunja pang'ono. Khansa imene yafika m'mafupa a msana sichingaipeze. Zikatero madokotala amatembenukira ku mankhwala otsitsa mahomoni achimuna otchedwa testosterone, njira imene Charles Huggins anaitulukira mu 1941, pamodzi ndi chemotherapy ndi cheza chochepetsa ululu. Izi zimatalikitsa moyo ndi kubweza mphamvu, koma sizizula matendawo.

Kwa khansa yofatsa kapena yapakatikati, brachytherapy payokha nthawi zambiri imakwana. Kwa yolusa, amaiphatikiza ndi cheza chakunja ndi jakisoni wa mahomoni. Kafukufuku wa ku Canada wotchedwa ASCENDE-RT, amene anatsatira amuna 398, anapeza kuti amene anawonjezeredwa tinjere, mwayi woti PSA yawo ikwerenso unatsika ndi theka poyerekeza ndi amene analandira cheza chakunja chokha. Koma m'gulu la tinjere ochulukirapo anavutika ndi mkodzo, ndipo kutalika kwa moyo m'magulu awiriwo sikunasiyane kwenikweni.

Pali ena amene dokotala angawalangize njira ina: amene prostate yawo ndi yaikulu kwambiri, yopitirira mamililita 50 kapena 60, pokhapokha itayamba yachepetsedwa ndi mankhwala, amene akuvutika kale kwambiri pokodza, ndi amene anapalidwapo kale prostate kudzera m'njira ya mkodzo. Palinso amene safunika chithandizo chilichonse pakadali pano. Kafukufuku wa ProtecT ku Britain anagawa amuna 1,643 a khansa yoyambirira m'magulu atatu: ongoyang'aniridwa, ochitidwa opaleshoni ndi olandira cheza chakunja. Patatha zaka 15, pafupifupi 97 mwa 100 alionse sanafe ndi khansayo, m'magulu onse atatu, ngakhale kuti mwa ongoyang'aniridwa inafalikira mwa anthu ochulukirapo. Munthu amene khansa yake yapezeka msanga ali ndi nthawi yokhala pansi, kufunsa, kukambirana ndi akunyumba ndi kusankha mtima uli m'malo.

Walira mvula walira matope

Palibe chithandizo cha khansa imeneyi chimene sichisiya chipsera, ndipo dokotala wabwino amanena zimenezi poyera. Milungu yoyambirira mkodzo umawotcha, umabwera pafupipafupi, ndipo mwina umasakanikirana ndi timagazi. Pamene panalowa masingano pamatupa ndi kuda. Mankhwala monga tamsulosin amathandiza kumasula njira. Amuna ochepa mkodzo umatsekeka kotheratu ndipo amakhala ndi kachubu kwa masiku kapena milungu. Mwa ena, patapita zaka, njira ya mkodzo imachepa ndipo imafunika kutsegulidwa, kapena thumbo limatulutsa magazi pang'ono. Kulephera kugwira mkodzo kumachitika mwa apo ndi apo, mocheperapo poyerekeza ndi opaleshoni yochotsa prostate.

Funso limene bambo ambiri amalowa nalo m'chipinda cha dokotala n'kutuluka nalo osalifunsa ndi la mphamvu za kuchipinda. Yankho loona ndi lakuti mphamvuzo zikhoza kuchepa pang'onopang'ono pa zaka zotsatira, makamaka mwa okalamba, odwala shuga ndi osuta fodya, ndipo jakisoni wa mahomoni amachotsa chilakolako pa nthawi imene munthu akulandira. Umuna umachepa, ndipo amene akufunabe ana anene zimenezi chithandizo chisanayambe. Komabe ambiri amene anali bwino poyamba amapitiriza kukhala malo amodzi ndi akazi awo, ena mothandizidwa ndi mapiritsi olembedwa ndi dokotala. Ndi bwino mayi a kunyumba akhale nawo pokambiranapo, amve okha, kuti mawa asaganize kuti bambo ayamba kuyenda njira zina.

Mantha ena ndi a chezacho. Amene walandira HDR akhoza kunyamula mdzukulu wake tsiku lomwelo. Amene ali ndi tinjere amalangizidwa kuti kwa miyezi iwiri yoyambirira asakhazike ana pamiyendo kwa nthawi yaitali, asakhalenso mogundana nthawi yaitali ndi mayi woyembekezera, ndipo agwiritse ntchito kondomu maulendo oyambirira, poti kanjere kamodzi kakhoza kutuluka ndi umuna. Mbale zake, zovala zake ndi chimbudzi chake sizikhala ndi cheza. Palibe chifukwa chomupatulira. Khansayo payokha siipatsirana, siibwera chifukwa cha chiwerewere, ndipo palibe amene anamulodza.

Chithandizo chikatha, magazi amayezedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse. PSA imatsika pang'onopang'ono, mwina kwa zaka zingapo. Mwa amuna ena imadumpha pang'ono pakati pa chaka choyamba ndi chachitatu, kenako n'kutsikanso yokha. Kudumpha kumeneku sikutanthauza kuti khansa yabwerera, ndipo wodwala amene anachenjezedwa pasadakhale sagona ndi nkhawa yopanda pake.

Kwathu kuno ku Lusaka

Chisanafike chaka cha 2006, Mzambia wofunika cheza ankatumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo amene ankapeza mwayiwo anali ochepa. M'chaka chimenecho Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi University Teaching Hospital pa Nationalist Road, inayamba kulandira odwala. Inamangidwa ndi ngongole ya OPEC Fund ndi ukatswiri wa International Atomic Energy Agency, ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa anaitsegula mwalamulo mu 2007. Mu 2016 inawonjezera mawodi a mabedi 252. Kuchokera ku Kabulonga kapena ku Woodlands ndi ulendo wa mphindi zochepa pagalimoto, ndipo wa ku Kabwata akhoza kufika ndi miyendo.

Brachytherapy si yachilendo pachipatalachi. Amayi ambirimbiri odwala khansa ya khomo la chiberekero alandirapo HDR, chifukwa kwa khansa imeneyo ndi gawo losalumphika la chithandizo. Izi zili ndi tanthauzo kwa abambo. Makina a mtundu umenewo ndi amenenso amagwira ntchito pa prostate, akawonjezeredwa sikani yoyenera, masingano, pulogalamu ya pakompyuta, dokotala wogonetsa tulo ndi anthu ophunzitsidwa. Gwero limodzi la iridium-192, limene mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 74 ndipo limasinthidwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse, limathandiza odwala ambiri. Tinjere ta iodine timagulidwa kunja, ta wodwala aliyense payekha, ndipo timayamba kutha mphamvu tikadali m'njira. N'chifukwa chake LDR imapezeka kwambiri m'zipatala za pulaiveti za m'maiko ngati South Africa, pamene HDR ndi imene ikugwirizana ndi thumba la chipatala cha boma. Kulowa kwa magwero oterewa m'dziko, kasungidwe kake ndi chitetezo cha ogwira ntchito zimayang'aniridwa ndi Radiation Protection Authority.

Ulendo wa wodwala umayambira pafupi ndi kwawo: kukiliniki ya ku Kabwata kapena ya ku Chelstone, kuchipatala cha Chilenje, kapena kwa dokotala wa pulaiveti. Kuchokera pamenepo amatumizidwa kwa akatswiri a njira ya mkodzo, monga a ku University Teaching Hospital, amene amadula tinyama tokayeza, ndipo khansa ikatsimikizika amakaonana ndi madokotala a khansa. Safunsa anadya phula. Wodwala afunse kuti nambala yake ya Gleason ndi iti, khansa ikadali m'kati kapena yatuluka, njira zimene zikupezeka panopo ndi ziti, adikira nthawi yaitali bwanji, khadi lake la NHIMA kapena inshuwalansi yake ilipira ziti, ndipo ngati akuganiza zopita kunja, adzamuyang'anira ndani akabwerako. Alembe mayankho m'kabuku ndipo asunge mapepala onse a zotsatira.

Gawo la mwamuna mwini

Amuna akuda ali pachiopsezo chachikulu. Ku Britain anawerengera kuti mwamuna wakuda mmodzi mwa anayi alionse adzapezeka ndi khansa ya prostate pamoyo wake, pamene mwa amuna onse ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu. Amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo, chiopsezo chake chimakwera. Choncho mwamuna wa kwathu kuno ayambe kukambirana ndi dokotala za kuyezetsa PSA akafika zaka 45, ndipo ngati m'banja mwawo matendawa anagwirapo anthu angapo, ayambe pa zaka 40. Archbishop Desmond Tutu, amene anapezeka ndi khansayi mu 1997, anasankha kuilankhula poyera kuti amuna anzake asiye manyazi, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2021.

Boma lili ndi udindo wake: makina osamalidwa, gwero lofika pa nthawi yake, zotsatira za tinyama zosachedwa, ndi akatswiri ophunzitsidwa amene akulipidwa mokwanira kuti akhale m'dziko muno. Tiyenera kupitiriza kufunsa zimenezi popanda kutopa. Koma makina onsewo, ngakhale atakhala atsopano, amadikira munthu amene khansa yake ikadali pamalo amodzi. Kupimidwa ndi chala kumatha pasanathe mphindi imodzi, ndipo magazi a PSA ndi kabotolo kamodzi. Bambo amene wachita manyazi ndi ziwirizi, n'kumwa zitsamba zaka zitatu, amafika atatsekeredwa njira zimene zikanamuchiza. Ana ndi akazi amene amaona bambo akudzukadzuka usiku asangoti ndi ukalamba, awaperekeze. Ndipo bambo amene sakumva kanthu, koma zaka zakwana, asadikire chizindikiro, chifukwa khansa imene brachytherapy imachiza ndi yomweyo imene sinayambe kupweteka.